Ulemu kwa Amisiri a Injini ya Wankel

Ku America, ena mwa anthu amene amadzipangira ndege zing'onozing'ono amatenga injini ya 13B ya galimoto ya Mazda RX-7 n'kuiika m'ndege. Injini imeneyi, ya mtundu womwe anayambitsa Felix Wankel wa ku Germany, ilibe mapisitoni. Mkati mwake mumazungulira zitsulo ziwiri zamakona atatu zotchedwa marota. Amisiri amenewa ndi oyenera ulemu chifukwa cha kuleza mtima kwawo poyeza. Pokonza injiniyi, mmisiri amapala pang'onopang'ono nsonga ya kachitsulo kotsekera mpweya m'mbali mwa rota, n'kumalowetsamo choyezera mipata chotchedwa feeler gauge, mpaka mpata utafika pakati pa mamilimita 0.05 ndi 0.15, wochepa ngati tsitsi limodzi. Mpata ukakula, mphamvu imathawa. Ukachepa, kachitsuloko kakatentha kamakanirira.

Ena amati injini ya galimoto sinapangidwire kuuluka. Mfundoyi ili ndi mutu, pakuti injiniyi imazungulira msanga kuposa mmene pulopela imafunira, ndipo imatentha kwambiri. Koma mavuto onsewa amathetsedwa ndi luso lomweli: magiya ochepetsa liwiro olumikizidwa mosaphonya, ndiponso radiator yoziziritsa injini yokwanira bwino. Injiniyi ilibenso mavavu oti angathyoke mlengalenga. Chimene chimaika woyendetsa pangozi ndi kuyeza mothamanga.