Womasulira Atavula Mkanjo: Kuunika Ntchito za Stephen Batchelor

Mneni wakuti kumasulira uli ndi matanthauzo awiri m'Chichewa. Umaimira kusamutsa mawu kuchoka m'chiyankhulo china kupita m'chinzake, komanso umaimira kufotokoza chinthu chobisika monga loto kapena mwambi. Mabuku a Stephen Batchelor, yemwe kale adali mmonke wa Chibuda, akuonetsa bwino momwe ntchito ziwirizi zimalowerana, ndiponso vuto limene limabuka owerenga akalephera kuzindikira pamene yoyamba yathera ndi pamene yachiwiri yayambira.

Batchelor adabadwira ku Dundee, m'dziko la Scotland, mu 1953. Mu 1972 adayenda ulendo wapamtunda mpaka ku India nakakhazikika ku Dharamsala, komwe adaphunzira Chitibeti ndi ziphunzitso za Chibuda pakati pa anthu othawa kwawo ku Tibet. Adavala mkanjo wa umonke mu 1974. Chaka chotsatira adapita ku Switzerland kukaphunzira kwa Geshe Rabten, ndipo mu 1981 adasamukira ku nyumba ya amonke ya Songgwangsa ku South Korea, kwa mphunzitsi Kusan Sunim. Mu 1985 adavula mkanjo nakwatira Martine Fages, amenenso adali atasiya moyo wodzipatula womwewo. Kamasuliridwe kake kadasintha motsata ulendo umenewu, ndipo kangagawidwe patatu.

Gawo loyamba ndi la mmonke womvera. Mu 1979 kudatuluka A Guide to the Bodhisattva's Way of Life, ndakatulo ya Shantideva wa m'zaka za m'ma 700. Batchelor adaimasulira kuchokera ku Chitibeti, osati ku Chisansikiriti chimene idalembedwamo poyamba, ndipo adatsamira ndemanga za akatswiri a ku Tibet ndi malangizo a aphunzitsi ake. Apa womasulira adadzibisa. Mawu omveka ndi a mwambo umene adali kuutumikira.

Gawo lachiwiri ndi la mlakatuli. Mu Verses from the Center ya mu 2000, adatenga mavesi ouma a Nagarjuna, odzaza ndi mitsutso ya nzeru zakuya, nawasandutsa ndakatulo yomasuka ya Chingerezi. Zambiri zidafupikitsidwa, zina zidasiyidwa. Komabe iye sadabise zimenezi, ndipo adaika pa intaneti kumasulira kwina kotsata mawu ndi mawu kuti wofuna kufananiza afananize.

Gawo lachitatu ndilo lofunika kwambiri kwa ophunzira za ziyankhulo. Atatembenukira ku malemba a Chipali, Batchelor adakayikira mutu wodziwika wa chiphunzitso cha Buddha, wa Zoona Zinayi Zolemekezeka. Mu After Buddhism ya mu 2015 adati zinayizo si zoona zoti munthu akhulupirire koma ntchito zoti achite. Mfundoyi ili ndi mizati iwiri. Woyamba ndi kafukufuku wa K. R. Norman wa ku Cambridge, amene mu 1982 adaonetsa kuti mawu akuti ariyasacca sagwirizana bwino ndi kapangidwe ka ziganizo zimene akupezekamo, kotero n'kutheka kuti adalowamo pambuyo pake. Wachiwiri uli m'malemba momwemo: chilichonse mwa zinayizo chili ndi mneni wamtundu wosonyeza chinthu choyenera kuchitidwa. Kuvutika n'koyenera kudziwidwa bwino, chilakolako n'choyenera kusiyidwa, kutha kwake n'koyenera kuonedwa, ndipo njira ndi yoyenera kukulitsidwa. Mpaka apa womasulira waima pa galamala, ndipo waunikira chinthu chimene omasulira ambiri adachiphimba ndi mayina osonyeza zikhulupiriro.

Pamene pakutsetsereka ndi pa mawu akuti samudaya. Mwambo wa Chibuda umawamva ngati gwero la kuvutika: chilakolako ndicho chimabala kuvutika, ndipo chimamangirira munthu ku kubadwanso. Batchelor adatembenuza ndondomekoyi, nati chilakolako ndi chimene chimadzuka mumtima munthu akakumana ndi zowawa. Kumva kotereku n'kokoma kwa wowerenga wa masiku ano, koma galamala yokha sikukakamiza. Chikukakamiza ndi chikayiko chimene mlembiyu adachilengeza kale mu Buddhism Without Beliefs ya mu 1997, chokhudza kubadwanso munthu akamwalira. Umboni wa Norman ukuchotsa mawu amodzi. Sukuchotsa chiphunzitso cha kubadwanso, chimene chafalikira m'malemba a Chipali. Ichi n'chifukwa chake Bhikkhu Bodhi, katswiri womasulira malemba omwewo, ndi B. Alan Wallace, amenenso adali mmonke, adamudzudzula kuti Chibuda chake chadulidwa kuti chikwane thupi la munthu wa ku Ulaya.

Kudzudzulaku kuli ndi maziko, koma sikufafaniza phindu la ntchitoyi. Palibe womasulira malemba opatulika amene amabwera chimanjamanja. Owerenga Chichewa akudziwa kuti pamene Buku Lopatulika lidalemba Yehova, Buku Loyera la mu 1998 lidalemba Chauta, ndipo kusankhako kudanyamula maganizo a omasulira pa za chipembedzo cha makolo. Nayenso mmonke wa mu 1979 adali ndi katundu wake, kungoti adali katundu wa aphunzitsi ake, n'chifukwa chake sadaonekere.

Choncho muyeso woyenera si wakuti Batchelor adakhulupirika liti, ali mumkanjo kapena atauvula. Muyeso ndi wakuti wowerenga wapatsidwa mpata wotani woona msoko pakati pa mawu a malemba ndi maganizo a womasulira. Pa Nagarjuna msokowo uli poyera. Mu After Buddhism, ngakhale mlembi amavomera kuti akumanganso chiphunzitso, umboni wa chiyankhulo ndi chikhumbo cha mtima zasokedwa ndi ulusi umodzi, ndipo wophunzira wosadziwa Chipali sangazilekanitse payekha. Bukuli liyenera kuwerengedwa pambali pa kumasulira kwa Bhikkhu Bodhi.