Kodi waulumali wa m'nkhani zathu amangopempha basi?

Anzanga olemba ndi owerenga, sabata ino dandaulo langa lili pa nkhani zimene timalemba ndi masewero amene timamvera pawailesi. Takumbukirani munthu waulumali amene munakumana naye m'nkhani. Ankatani? Kawirikawiri amakhala pakhonde la sitolo atatambasula dzanja. Apo ayi, analodzedwa ndi amalume ake, kumapeto abusa amupempherera, iye n'kutaya ndodo, nkhani yathera pompo. Wolemba amafuna timulirire, koma samupatsa ntchito, ngongole kapena kasitomala wovuta monga achitira ndi anthu ena onse.

Ine ndimagulitsa pamsika, ndiye ndikuuzeni amene ndimawaona. Ndi atelala, osoka nsapato, okonza mafoni, maejenti a Mpamba ndi Airtel Money. Tikiti ya msika amadula ngati tonsefe. Zimene zimawavuta n'zimene nkhani zathu zimadumpha. Benchi anaikhoma poyeza munthu woimirira. Kanjira ka pakati pa mabenchi n'kopanikiza moti njinga ya olumala singadutse. Pangalande anangoyalapo thabwa limodzi. Chimbudzi cholipiritsa chili ndi masitepe komanso khomo laling'ono, ndiye munthu amadzimana madzi tsiku lonse kuopa kuvutika. Akamapita kokapikula katundu, kondakitala amafuna njinganso ilipire mpando wake. Imeneyi si nkhani, eti? Ochimwa ndi amene anamanga ndi kukhoma osaganiza, miyendo ya munthuyo tiisiye.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 10 aliwonse a zaka 5 kupita m'mwamba ali ndi ulumali. Lamulo la 2012 linaletsa kusala aulumali pa ntchito, ndipo mu 2024 kunabwera lina latsopano. Ku Bangwe mu Blantyre kuli fakitale yowomba nsalu imene bungwe la MACOHA linakhazikitsa, komwe aulumali akhala akugwira ntchito zaka zambiri. Malemu mayi Rachel Kachaje, amene ankayendera njinga chifukwa cha poliyo, anakhala nduna ya boma mu 2013. Nanga zolembera zathu zikuchedwa pati?

Wina ati opemphawo alipo ndithu. Zoona, alipo. Koma mukamulemba, tiuzeninso chimene chinamufikitsa pamenepo. Tionetseni mtsikana wa satifiketi yake yabwinobwino ataitanidwa ku intavyu pansanjika yachiwiri yopanda chikepe. Tionetseni bwana akuwerengera mtengo wa matumba awiri a simenti okonzera polowera, n'kuona kuti bola alembe wina. Pamenepo owerenga adzadzifunsa za shopu yawo, ofesi yawo ndi tchalitchi chawo. Nkhani ya ufiti ija simufunsa aliyense kanthu.

Musamusandutsenso mngelo ayi. Akhale munthu: azikwiya, azinyenganyenga pamtengo, azifunsira, nthawi zina azibera pasikelo ngati anzake ena. Kumuyeretsa kwambiri ndi kumusalanso.

Izi si zachibwana. Mwini golosale amene wakula akumva kuti wolumala ndi wopempha, tsiku limene wina adzabwere pa ndodo kudzafunsa ntchito, adzapisa m'thumba n'kumupatsa K500, ntchito osamupatsa. Ena mwa maganizo amenewo timawadzala ndife ndi nkhani zathuzi. Ndiye musanatumize nkhani yanu yotsatira, tayang'anani kaye ngati munthu waulumali ali mmenemo mwamupatsa chochita.