Akatekisiti a kummwera kwa Niassa

Ku Mandimba, ku Ngauma ndi ku Cuamba, ana akafola m'mawa pasukulu ya boma amaimba nyimbo ya fuko, osati ya tchalitchi. Boma linatenga sukulu za mishoni mu 1975, ngakhale ku Massangulo kumene ansembe a Consolata anakhazikika mu 1928. Ndiponso ana ambiri kuno ndi Asilamu.

Nanga ana a Akhristu amawaphunzitsa kupemphera ndani? Akatekisiti. Mudzawapeza patsinde pa mango, njinga atayedzamiritsa pambali, akubwereza mzere umodzi kambirimbiri mpaka kamwana kamanyazi katsegule pakamwa. Choko alibe, za malipiro musafunse n'komwe, koma mwana aliyense amamudziwa dzina, ndi agogo ake omwe. Wansembe kumidziko amafika mwa apo ndi apo. Akatekisitiwa sajomba, ngakhale m'dzinja mitsinje itadzaza.