Mtondo nawo uli ndi ndakatulo yake

Ndinakulira m'malaini a pa esiteti ku Nchilamwela, kumene kugunda kwa munsi kunkatidzutsa tambala asanalire kachiwiri. Sindinkadziwa kuti mtondo womwewo ndidzakumana nawo m'buku la Amwenye, anthu amene ambirife timangowadziwa ndi masitolo a ku Limbe.

Bukulo ndi Rigveda, nyimbo 1,028 za Chihindu zimene zinapekedwa m'chinenero cha Sanskrit zaka zoposa 3,000 zapitazo. Ndaziwerenga m'Chingerezi cha Ralph Griffith. Kunena zoona, mkuluyu anaziveka jekete lolemera. Chingerezi chake nchonga cha m'Baibulo la King James, moti pena umachita kuyasamula. Komabe moto wake sunazime.

Chandigwira mtima si milungu ayi, koma zipangizo za nsembe. Pali timitengo topekera moto, udzu woyala kuti milungu ikhalepo, ndi zipande zamtengo zothirira mafuta a mkaka pamoto wa Agni. Nyimbo ya 28 m'chigawo choyamba ikutamanda mtondo ndi munsi zosinjira soma, chomera chimene madzi ake ankathirira nsembe. Ya 94 m'chigawo chakhumi ikulankhula za miyala yofinyira soma ngati anthu okhala ndi pakamwa. Mlakatuli sakuchita manyazi ndi ziwiya. Akudziwa kuti popanda izo pemphero lingathere m'malere.

Nanga ife? Alakatuli athu akuthamangira mwezi, maluwa ndi ndale. Ndani walembapo za nsengwa ya ufa wa nsembe, kapena chikho chothirira mowa patsinde pa mpoza? Ngakhale za dengu lothyolera tiyi, lomwe lapinda misana ya amayi athu ku Thyolo kuno, zii!

Pajatu nyimbo za Amwenyezi zinasungidwa pamtima, mphunzitsi kupatsira wophunzira, ndipo mu 2003 bungwe la UNESCO linalemekeza kaimbidwe kake. Chilema chake nchakuti mwayi woziphunzira unali wa mabanja apamwamba, makamaka amuna. Zathu za pamtondo zinali za mayi aliyense, wodandaula mwamuna woledzera kapena apongozi ovuta. Koma chigayo chafika paliponse, ndipo chigayo sichiimba.

Mayi anga aang'ono atsala ndi nyimbo zitatu zokha. Zina akuti zinapita ndi mtondo umene unadyedwa ndi chiswe. Loweruka likudzali ndikwera basi ya ku Thyolo, kope ndi cholembera m'thumba. Inu alembi anzanga, azakhali anu atsala ndi zingati?