Kodi yunivesiti ikugulitsa ciani?

Pa wailesi yathu ndimalandira alendo ambiri ocokera ku mayunivesiti. Zaka zino pali liwu la Cipwitikizi limene silisowa pakamwa pao: empreendedorismo. Akutanthauza kuti yunivesiti isamangopereka madipuloma, koma ikhale ndi mtima wa munthu wamalonda: kuyamba zatsopano, kufulumira pamene ena akuzengereza, ndi kulimba mtima ngakhale ndalama zingatayike. Ganizoli ndilibe nalo mlandu. Cimene ndikutsutsa ndi mmene latifikira kuno.

Niassa sasowanso mayunivesiti. Universidade Católica ili ndi sukulu ya zaulimi ku Cuamba ndi ina ya zankhalango kuno ku Lichinga. UniLúrio, imene boma linakhazikitsa mu 2006, imaphunzitsa zaulimi ku Unango, m'boma la Sanga. Mu 2019 nthambi ya Universidade Pedagógica ya kuno inalowa mu UniRovuma.

Koma tafunsani anansi anga ku Sanjala malonda a yunivesiti amene amawadziwa. Adzakuuzani za makosi a usiku, aja a pós-laboral, amene wophunzira amalipira mwezi ndi mwezi. Sindikuwanyoza makosiwa. Aphunzitsi ambiri akwera nawo pa nchito, ndipo ndalama za boma sizikwanira. Koma ngati malonda ake ndi okhawo, ndiye kuti wogula ndi kholo, katundu ndi pepala.

Mwana wa mlongo wanga anamaliza maphunziro a zaulimi pa yunivesiti ina. Amayi ake anagulitsa mbuzi ndi nyemba zaka zinayi kuti mwanayo afike pamenepo. Iye analemba buku lonse la kasungidwe ka mbatatesi, ija timati batata reno, kuti isaole msanga. Bukulo lili pa shelefu, m'Cipwitikizi. Caka catha amayi ake omwewo anagulitsa mbatatesi yonse nthawi yokolola, pa mtengo wolira, cifukwa analibe posungira. Mnyamatayo lero amanyamula anthu pa njinga yamoto. Nzeru inalipo, vuto linalipo, ndipo zonse zinali m'banja limodzi, koma sizinakumane.

Apa ndi pamene ndondomeko ya boma iyenera kusintha. Coyamba, yunivesiti isamayesedwe ndi ciwerengero ca ophunzira cokha. Ifunsidwenso kuti ndi magulu angati a alimi kapena asodzi a usipa ku Metangula amene apindula ndi kafukufuku wake, ndipo gawo lina la ndalama za boma litsate yankho limenelo.

Caciwiri, amene akulalikira kulimba mtima ayambe ndiye. Mnyamata wongomaliza sukulu alibe cikole copita naco ku banki. Yunivesiti ili ndi malo, makina ndi akatswiri. Imubwereke munda ndi nkhokwe caka cimodzi, malonda akagwa itaye nawo limodzi. Kuuza mwana wa mlimi kuti adzilembe yekha nchito, iwe malipiro ako akubwera mwezi uliwonse, n'kumutuma kukatunga madzi ndi dengu.

Cacitatu, zimene apeza zimveke m'Cinyanja, m'Ciyao ndi m'Cimakua. Njanji ya Cuamba inayambanso kufika ku Lichinga mu 2016, ndipo msika wa Malawi uli pafupi, kungodutsa Mandimba kulowa Chiponde. Koma mlimi amene sanauzidwe m'cinenero cake mbeu yoyenera ndi kasungidwe kake, sitimayo imangomudutsa.

Citsanzo cabwino cilipo kale. Ku Nampula, UniLúrio inayambitsa dongosolo lakuti wophunzira wa zaumoyo aliyense akhale ndi banja limodzi lomaliyendera. Wophunzira wa zaulimi nayenso akhale ndi munda wa mlimi mmodzi woti aziyankhapo, kuyambira kubzala mpaka kugulitsa.

Inu a kumudzi amene mumalipira, mwana akabwera pa chuti mufunseni cimene waphunzira cokhudza munda wanu. Inu aphunzitsi a ku yunivesiti, tsitsani mabuku aja pa shelefu mubwere nawo ku wailesi. Maikolofoni ndili nayo, ndipo kumasulira ndidzamasulira ndine.