Za Kubuntha kwa Lilime la Oulutsa Mau pa Wailesi

Pali dandaulo limene limamveka kawirikawiri pakati pa anthu okonda wailesi, lakuti woulutsa mau amene anali kuwakondweretsa kale tsopano wazirala. Amati mau ake ndi omwe aja, nthabwala zake ndi zomwe zija, ndipo nkhani zimene anali kuzigunda pamutu masiku ano amangozilambalala. Akafunsidwa chifukwa chake, ena amati munthuyo wakalamba, ena amati malamulo a nyumba ya mphepo ammanga pakamwa. Mlandu umenewu ngwoyenera kuti aphunzitsi amene ali pa maphunziro auganizire bwino, pakuti ana ambiri amayamba kumva Chichewa cha pa wailesi asanaone Chichewa cha m'buku, ndipo mphunzitsi wosadziwa kusiyanitsa woulutsa waluso ndi wongosokosa sangathe kuwatsogolera anawo pa zimene akumva.

Poyamba nkofunika kudziwa chimene anthu amatanthauza akamati lilime la uje nlakuthwa. Kuthwa kumeneku si chipongwe ai, ndiponso si kulalata. Kuli ndi mbali zitatu. Yoyamba ndi khutu: woulutsa amamva m'mene anthu akulankhulira pamsika, pachigayo ndi pamaliro, nabwera nacho chilankhulo chomwecho ku nyumba ya mphepo. Yachiwiri ndi mtima: amatchula chinthu chimene chikuwasowetsa tulo anthu, ngakhale chikhale chosakondweretsa akuluakulu. Yachitatu ndi luso la kakambidwe: omvera sadziwiratu mau amene atuluke pambuyo pa mau amene angomva kumene. Munthu akataya chimodzi mwa zitatuzi, omvera amazindikira msanga, ngakhale sangathe kufotokoza chimene chasowa.

Mbiri ya wailesi m'maiko olankhula Chinyanja iri ndi zitsanzo zokwanira kuweruzira mlanduwu. Boma la Northern Rhodesia linayamba kuulutsa mau ku Lusaka m'chaka cha 1941, makamaka kuti abale a asilikari amve za nkhondo. Nkhondo itatha, nyumba imeneyi inakula nikhala Central African Broadcasting Station, yotumikira anthu akuda a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'zilankhulo zao. M'chaka cha 1949, chifukwa cha khama la Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani, kampani ya Ever Ready inatulutsa kawailesi kotsika mtengo kooneka ngati sefuliya, kochedwa Saucepan Special, kamene kanali kugulidwa ndi mapaundi 5, batire lake padera. Kuyambira pamenepo mau a oulutsa analowa m'nyumba za akalaliki, aphunzitsi ndi anthu a m'migodi. Mmodzi mwa oulutsa okondedwa anali Alick Nkhata, wobadwa m'chaka cha 1922, amene anali woimba ndiponso woulutsa, ndipo nyimbo zake zinali kukamba za makhalidwe atsopano a m'tauni.

Koma chikondi chimenechi chinagwedezeka m'zaka za 1952 ndi 1953, pamene Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinali kukhazikitsidwa. Anthu akuda ochuluka anachikana Chitaganyacho, koma wailesi inali ya boma, ndipo inayenera kunena zimene boma linali kufuna. Peter Fraenkel, amene anagwira nchito m'nyumbayo, analongosola m'buku lake lochedwa Wayaleshi, la m'chaka cha 1959, m'mene mphekesera inafalira yakuti oulutsa mau ali m'gulu la anthu ogwira anzao ndi kuwapopa magazi. Apa pali phunziro loyamba. Oulutsa amene anataya chikhulupiriro cha omvera pa nthawi imeneyo sanali nkhalamba. Nkhata mwini wake anali ndi zaka 31 zokha m'chaka cha 1953. Khutu anali nalo, luso anali nalo, koma sanaloledwe kutchula chimene chinali m'mitima ya anthu. Chotero lamulo pa lokha likhoza kubunthitsa munthu amene akali ndi mphamvu zake zonse.

Umboni wina wa mfundo yomweyi ndi Andreya Masiye, amene anali woulutsa wa Chinyanja ku Lusaka komweko. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 anapita ku Dar es Salaam, kumene anali kuulutsa mau a chipani cha UNIP cholimbana ndi Chitaganya, ndipo pambuyo pake analemba za nthawiyo m'buku lochedwa Singing for Freedom. Munthu anali yemweyo, zaka zake zinali zitawonjezeka, koma atasintha nyumba lilime lake linamasuka. Ukalamba ukanakhala ndiwo wobunthitsa, zikanayenda mosiyana ndi pamenepa.

Ku Malawi, Malawi Broadcasting Corporation inakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, ndipo kufikira ulamuliro wa Dr H. Kamuzu Banda utatha m'chaka cha 1994 inali ngati pakamwa pa boma ndi chipani chimodzi. Chaka cha 1968 chinabweretsa zinthu ziwiri zazikulu: lamulo loyang'anira mabuku, nyimbo ndi masewero, ndiponso chigamulo chakuti Chichewa chikhale chilankhulo cha dziko, chimene chinachotsa Chitumbuka pa wailesi. Woulutsa wa Chitumbuka sanabunthe pang'onopang'ono ai. Anangotsekedwa pakamwa pa chilankhulo chake. M'chaka cha 1972 panabadwa bungwe loyang'anira Chichewa, ndipo kalankhulidwe ka pa wailesi kanayamba kupimidwa mosamala. Kupima kumeneku kunali ndi ubwino wake, pakuti oulutsa anazolowera kusamala mau. Koma choipa chachikulu sichinali lamulo lolembedwa. Chinali mantha osalembedwa. Munthu wosadziwa pamene pali malire amaima patali ndi malirewo, ndipo akatero zaka zambiri amaiwala kuti analinso ndi maganizo ake. Nkhani zinkayamba ndi maina aulemu a Mtsogoleri wa Muyaya, ndipo omvera ankadziwiratu m'mene chiganizo chiri chonse chithere. Pamenepo mbali yachiwiri ndi yachitatu ya kuthwa zinafera pamodzi.

Komabe sikungakhale kulungama kunena kuti m'masiku a chipani chimodzi munalibe luso. Luso linathawira m'masewero ndi m'nthano. Sewero la Kapalepale, la Smart Likhaya Mbewe, linakondedwa zaka zambiri chifukwa anthu anali kumvamo mau ao ndi mabvuto a m'mabanja mwao. Ku Zambia, kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi m'zaka za m'ma 1970, Julius Chongo anali kukamba nthano pa pologalamu ya Poceza m'Madzulo, iye yekha akusintha mau kukhala mfumu, nkhalamba, mwana kapena nyama, nadzaza nkhani zake ndi miyambi ndi mau ofanizira kamvekedwe ka zinthu. Ernst Wendland anazisonkhanitsa nthano zimenezi nazisanthula, ndipo mphunzitsi wofuna kuona kulemera kwa Chinyanja cholankhulidwa angapindule nazo. Anthu otere akusonyeza kuti lamulo likatseka khomo la kutsogolo, munthu waluso amalowera la kuseri, monga m'mene amai oimba pamtondo amadzudzulira mwamuna waulesi osamchula dzina.

Pamenepa pali msampha umene woweruza ayenera kuupewa. Ena amati popeza malamulo okhwima amaphunzitsa munthu kulankhula mophiphiritsa, ndiye kuti malamulowo ndi mwala wonolera. Mau amenewa ali ndi choonadi chochepa. Nthano ikhoza kudzudzula mfumu yadyera, koma singanene kuti uje wa m'mudzi wakuti wamangidwa popanda mlandu. Ndiponso pa woulutsa mmodzi amene anapeza khomo la kuseri panali ena amene anangokhala chete nayembekeza tsiku la malipiro. Luso limene linapulumuka liyamikidwe, koma lisagwiritsidwe nchito poyamikira chimene chinafuna kulipha.

Malamulo atamasuka pambuyo pa chisankho cha 1993 ndi cha 1994, ndipo lamulo la 1998 litatsegula njira yakuti nyumba zina za mphepo zipatsidwe chilolezo, kunaoneka chinthu china chothandiza pa mlanduwu. Ufulu sunapange ali yense kukhala wakuthwa. Oulutsa ena achinyamata anayesa kuti kukweza mau, kudula alendo pakamwa ndi kusakaniza Chingerezi m'chiganizo chiri chonse ndiko kuchangamuka. Pamene zinali choncho, pologalamu ya Nkhani Zam'maboma, ya pa wailesi ya boma yomwe ija, inakoka anthu ambiri. Harri Englund, m'buku lake la m'chaka cha 2011, anasonyeza kuti mphamvu yake inali yakuti nkhani zake zinali kuchokera kwa omvera eni ake, zokamba za mafumu, aphunzitsi, mabwana ndi atsogoleri a mipingo amene alakwira anthu ao. Zinali kuwerengedwa modekha, koma zinali kuluma chifukwa zinali za anthu enieni.

Tsono za ukalamba. Chitsanzo chomveka bwino chikuchokera ku Chipata, ku wailesi ya Breeze FM imene anaiyambitsa Michael Daka. Kumeneko kunachuka woulutsa amene anadzicha Gogo Breeze, munthu amene anayamba wagwira nchito ya uphunzitsi asanalowe ya wailesi. Englund yemweyo analemba za iye m'buku la m'chaka cha 2018. Mkuluyu sanabise zaka zake, anazisandutsa chida. Omvera anawayesa adzukulu ake, ndipo monga mwa mwambo wa Achewa, agogo ndi mdzukulu amatha kusereulana ndi kuuzana zimene bambo ndi mwana sangauzane. Anali kuyankha makalata a anthu odandaula, kuyenda m'midzi ndi m'misika ndi makina ojambulira mau, ndi kukafunsa amene akudandaulidwawo kuti anene mbali yao. Mnyamata akanafunsa mafunso omwewo akanayesedwa wamwano, koma pakamwa pa gogo anamveka ngati malangizo. Galu wamkota sakandira pachabe.

Izi sizitanthauza kuti zaka ziribe choipa chimene zimabwera nacho. Pali zinthu zinai zimene zimayenda pamodzi ndi ukalamba, ndipo ndizo zimene anthu amazisokoneza ndi ukalambawo. Choyamba ndi chizolowezi: nthabwala imene inaseketsa anthu kamodzi imakoma kuibwereza, kufikira munthu asanduka wodzitsanzira yekha. Chachiwiri ndi kukwezedwa pa nchito. Nkhata, dziko la Zambia litalandira ufulu, anakhala mmodzi wa akuluakulu oyendetsa wailesi, ndipo mpando wotere umachotsa munthu pakati pa anthu numuika pakati pa mapepala. Chachitatu ndi katundu wa pamutu: munthu wa ana asanu a pasukulu, wokhala m'nyumba ya kampani, woyembekeza penshoni, amayeza mau ake kawiri pamene mbeta imayeza kamodzi. Apa ndi pamene ukalamba ndi lamulo zimagwirana manja, pakuti lamulo limalemera kwambiri pa munthu amene ali ndi zambiri zoti ataye. Chachinai chiri mwa omvera: iwonso akukalamba, ndipo pokumbukira woulutsa wa kale amakumbukiranso unyamata wao, nampatsa woulutsayo mlandu wa zaka zimene zawathawa iwo eni.

Chigamulo chake tsono nchakuti ukalamba pa wokha subunthitsa lilime. Lamulo lokhwima limabunthitsa ndithu, makamaka likakhala losadziwika malire ake, ndipo limabunthitsa mnyamata ndi nkhalamba yomwe. Koma pamene lamulo lasiya mpata, chimene chimasiyanitsa woulutsa wamoyo ndi wozirala ndi chakuti akali kumvera anthu kapena analeka. Chongo, akonzi a Nkhani Zam'maboma ndi Gogo Breeze anasiyana zaka, maiko ndi malamulo owalamulira, koma onse anali kutunga pa chitsime chimodzi, ndicho pakamwa pa anthu wamba.

Mphunzitsi wa mawa akhoza kuuyesa yekha mlanduwu. Asankhe pologalamu imodzi ya Chichewa, aimvere masabata anai otsatana, nalembe m'kope zinthu zitatu: mau kapena miyambi imene sanaimvepo pa wailesi, nkhani zimene zikukhudza anthu a m'dera lake, ndi ziganizo zimene anatha kuzimaliza woulutsa asanazimalize. Mndandanda wachitatu ukatalika kuposa iwiri inayo, woulutsayo wabuntha, akhale wa zaka 25 kapena 65. Ana a m'makalasi apamwamba akhozanso kuchita zomwezi, ndipo potero adzaphunzira kumvera ndi nzeru m'malo mongomeza ziri zonse.

Muyeso womwewo udzamgwira mphunzitsi mwini wake. Iyenso adzaima pamaso pa omvera tsiku ndi tsiku kwa zaka makumi atatu, ali ndi silabasi yomuuza zoti anene ndi woyendera sukulu wodzaona ngati wazinena. Akadzayamba kuphunzitsa ndi kope limene analemba ali ku koleji, ana akumaliziratu nthabwala zake asanazimalize, asadzanamizire imvi kapena silabasi asanadzifunse kuti ndi liti pamene anakhala pansi komaliza kumvera m'mene ana ake ndi makolo ao amalankhulira.