Kalumo ka Alendo pa Malamulo a Dziko la India

Makolo athu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma kodi kalumo ka mlendo kamameta bwino nthawi zonse? Funsoli limandifikira ndikamasinkhasinkha zimene akatswiri adanena pa malamulo oyendetsera dziko la India, amene adayamba kugwira ntchito pa 26 Januwale 1950 ali ndi ndime 395.

Sir Ivor Jennings, kadaulo wa malamulo wa ku Britain, adawadzudzula kuti ndi aatali mopyola muyeso ndiponso ouma, ovuta kuwasintha. Pa za kutalika adanena zoona. Pa za kuuma adaphonya, pakuti malamulowa asinthidwa maulendo oposa 100 koma akadali chiimire. Chodabwitsa n'chakuti malamulo a dziko la Ceylon, amene Jennings yemweyo adathandiza kukonza, adatayidwa mu 1972.

Naye K. C. Wheare adaona kuti boma lalikulu la ku Delhi lidapatsidwa mphamvu zoposa za maboma a zigawo, motero adati chitaganya cha India n'chosakhwima kwenikweni. Vuto lake n'lakuti adayeza ndi muyeso wa maiko ngati Amereka. Alembi a malamulowa, motsogozedwa ndi B. R. Ambedkar, adali atangoona dziko lawo likung'ambika mu 1947, pamene Pakistan adabadwa m'kati mwa mwazi. Munthu wotere sangamange mtolo ndi luzi lofooka.

Amene adafika pafupi ndi choona ndi Granville Austin wa ku Amereka. M'buku lake la mu 1966 adaonetsa kuti malamulowa ndi chida chosinthira moyo wa anthu. Umboni ndi ndime 17, yothetsa mwambo wosala anthu ena monga osayenera kukhudzidwa. Komabe chida chimamvera dzanja lochigwira: kuyambira 1975 mpaka 1977, Indira Gandhi adapondereza ufulu wa anthu potsamira malamulo omwewo.

Kwa ine, mawu olemera koposa adachokera kwa eni nthaka. Mu 1973, pa mlandu wa Kesavananda Bharati, oweruza 7 mwa 13 a bwalo lalikulu adagamula kuti nyumba ya malamulo ikhoza kusintha ndime iliyonse, koma isagwetse maziko ake. Denga mukhoza kufoleranso, koma mzati sazula.

Choncho powerenga zonena za akatswiri, tisachite mantha ndi maina awo. Tiyambe tafunsa kuti adayeza ndi muyeso wa yani.